Chimanga cha Tambu

M'buku la Tsitsi Dangarembga la 1988, Nervous Conditions, Tambudzai akuvomera kuti imfa ya mchimwene wake Nhamo sinamukhudze mtima. Kodi timuweruze kuti ndi wouma mtima? Tipite kaye kumunda.

Ndalama za fizi zitachepa, makolo anasankha mwana wamwamuna. Tambu anapempha mbewu, nalima chimanga pakamunda komwe ankalima agogo ake. Mbewuyo inasenza chikhulupiriro cha mwana aliyense, chakuti wokhetsa thukuta ndiye amakolola. Chimanga chitayamba kukhwima, mondokwa unayamba kusowa. Wakuba sanali nyani kapena wodutsa m'njira. Anali Nhamo yemweyo, wokhala kale pasukulu, ndipo ankangogawira anzake.

Koma kwa ine bala lalikulu lili ku Umtali, komwe lero ndi Mutare. Mphunzitsi Matimba anamutengera kumeneko kukagulitsa chimanga chotsala. Mayi wina wachizungu, Doris, anapereka mapaundi 10, atauzidwa kuti Tambu ndi mwana wamasiye. Bambo ndi mayi ake anali moyo! Tsono chimene chinalipira fizi si khasu lija, koma bodza la munthu womufunira zabwino ndi chisoni cha mlendo.

Nhamo atamwalira, malo ake kusukulu ya mishoni ya Babamukuru anapatsidwa kwa Tambu. N'kovuta kumufunsa misozi mtsikana amene khomo linamutsegukira kawiri kokha: poyamba pomunamizira umasiye, kachiwiri pamaliro enieni.