Makala, Magetsi a Dzuwa ndi Ulova: Mtsutso wa Makhansala

Mutu umene ophunzira anapatsidwa pa mpikisano wina wa mtsutso unali wakuti khonsolo ya boma iletse malonda a makala m'misika yake ndi kupereka malo kwa makampani opanga magetsi a dzuwa, poti kutero kudzachepetsa ulova pakati pa achinyamata. Olankhula awiri anatenga malo a makhansala, ndipo onse anagwirizana poyamba kuti mphamvu zosatha, ndiko kuti zochokera ku dzuwa, mphepo ndi madzi, n'zofunika m'dziko limene kalembera wa 2018 anapeza kuti mabanja osakwana 12 pa 100 aliwonse ndiwo anali ndi magetsi a ESCOM.

Wovomereza mutu anakumbutsa a wapampando kuti magetsi ambiri a Malawi amachokera mu mtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo pamene namondwe wa Ana anawononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, kotero kuti ometa tsitsi, owotcherera zitsulo ndi a zigayo ankangokhala pakhonde kudikira kuti magetsi ayake. Iye anati matope amene amadzaza m'madamu a Shire amatsika m'mapiri amene owotcha makala anameta mpala, ndipo anatchula siteshoni ya magetsi a dzuwa ya mamegawati 60 ya ku Nanjoka m'boma la Salima, imene inatsegulidwa mu 2021, ngati umboni wakuti ntchito zimabwera pamodzi ndi mapanelo, poti anthu a m'deralo analembedwa ntchito pomanga.

Wotsutsa sanakane za matope, koma anagwira chitsanzo cha ku Salima osachitaya. Anafunsa kuti mwa anthu amene analambula thengo, kukumba maenje ndi kunyamula zitsulo, ndi angati amene akulandirabe malipiro lero, popeza siteshoni yotere ikamangidwa imangofuna alonda, otchetcha udzu, otsuka mapanelo ndi akatswiri ochepa. Anati dzina lenileni la ntchito yomanga ndi ganyu, pamene munda umene banja lapereka kuti pamangidwe siteshoni subwerera, ndipo chipukuta misozi, ndalama zolipira amene wachotsedwa pamalo, chimatha pa nyengo zochepa za njala. Anaonjeza kuti magetsi a siteshoni yaikulu amalowa m'mawaya a ESCOM n'kupita kutali, moti mudzi woyandikana ndi mpanda ukhoza kugonabe mumdima. Ndipo ngakhale utalumikizidwa, mayi amene sangagule chitofu cha magetsi adzaphikabe nsima pa mbaula. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, anatero iye, ndipo kwa mnyamata wa ku Neno fodyayo ndi thumba la makala.

Mawu otsirizawa ndiwo anapatsa wovomereza pogwira. Iye anafunsa ngati mnzakeyo akutcha ntchito kukankha njinga yosenza matumba atatu usiku wonse, kuzemba a zankhalango pa Zalewa, n'kukafika ku Blantyre msana utathyoka kuti phindu lalikulu likadyedwe ndi mwini lole. Anati woteteza makala akuteteza ukapolo, ndipo mwina akutero chifukwa mavoti a m'dera lake ali m'manja mwa amalonda amenewo. Wotsutsa anayankha mokwiya kuti n'kosavuta kunyoza mwaye wa makala kwa munthu amene kwawo amaphikira gasi, ndipo anamufunsa kuti nyama imene anadya pa ukwati wapitawu inawotchedwa ndi dzuwa liti. Apa a wapampando analowererapo, pakuti mtsutso unali utachoka pa mapanelo n'kufika m'khitchini za olankhulawo.

Chimene onse awiri anachedwa kuchitchula n'chakuti khonsolo ilibe mphamvu pa mitengo ya magetsi kapena pa ziphaso za opanga magetsi, zimene zili m'manja mwa bungwe la MERA, pamene mphamvu yolanda thumba la makala pamsika ili nayo pafupi. Choncho mutu wa mtsutsowu ukadutsa, theka lake lopweteka osauka lingachitike mawa lomwe, ndipo theka lolonjeza ntchito lingadikire zaka. Wotsutsa ataigwira mfundoyi anaimanga bwino. Anati ngati khonsolo ikufunadi ntchito, ilimbikitse timasiteshoni ta dzuwa ta m'midzi, tokhala ndi mawaya akeake, monga ka kwa Sitolo ku Mchinji, chifukwa magetsi akafika pa chigayo, pa filiji ya wogulitsa nsomba ndi pa shopu ya wowotcherera, ntchito imatsala m'mudzimo. Anatinso malamulo a zankhalango amalola kuwotcha makala ndi chiphaso kuchokera ku mitengo yodzala, ndipo khonsolo ikhoza kusonkhanitsa achinyamata m'magulu kuti adzale nkhalango zawo isanatumize aliyense kukawalanda njinga.

Wovomereza anayankha kuti mtengo sukula pa chaka chimodzi pamene nkhalango ikutha tsiku ndi tsiku, ndipo yankholi linali lolemera ndithu. Koma atafunsidwa kuti wowotcha makala adzadya chiyani m'zaka zodikirazo, anabwereza za ku Salima, ndipo nthawi yake inatha asanatchule ntchito ina.