LINGA LA ANA ATHU

Mau a mwezi uno acokera m'buku la Nehemiya, mutu 3 ndi mutu 4. Amene ali nalo Buku ayambe wawerenga mitu iwiriyi.



Pamene Nehemiya anafika ku Yerusalemu anapeza linga la mudziwo liri pansi. Anauka usiku, nayendera mogumuka monse, ndipo atapenya bwino anaitana anthu kuti amange. Mutu 3 ambiri a ife tiulumpha powerenga, popeza ucuruka maina. Koma m'mainamo muli phunziro lathu. Ansembe anamanga cigawo cao, osula golidi cao, amalonda cao. Munthu wina, dzina lace Salumu, anagwira nchito pamodzi ndi ana ace akazi. Ndipo ambiri anamanga pamene panayang'anana ndi khomo la nyumba yao. Panalibe mmodzi wakumanga linga lonse, koma yense anatseka mpata wace, ndipo nchito inatha m'masiku 52. Pamene adani anapangana kuwathira nkhondo, anthuwo anacita ziwiri: anapemphera kwa Mulungu, naikanso alonda usana ndi usiku. Sanayesa kuti pemphero licotsa alonda, kapena kuti alonda acotsa pemphero.

Ife a kuno za linga sitizimva ngati za cilendo. Masiku a nkhondo za Angoni makolo a dziko lino anasiya midzi yao yobalalika, naunjikana m'malinga pafupi ndi nyanja; ndipo pamene Dotolo Robert Laws anasamutsa misyoni kucokera ku Cape Maclear kudza ku Bandawe m'caka ca 1881, anapeza anthu akali kukhala ndi mantha amenewo. Akuru aja anadziwa cinthu cimodzi bwino lomwe: mitengo ya linga ingakhale mazana, koma pakasowa itatu pamalo amodzi, mudzi wonse uli pabwalo. Lero nkhondo zija zinatha, ndipo Mtonga ndi Mngoni akhala pa gome limodzi la Ambuye. Koma alipo adani ena amene sanapangane nafe mtendere, ndiwo nthenda zopatsirana. Ndipo iwo safuna ng'ombe kapena cinangwa, afuna ana athu.

Agogo athu anaidziwa nthomba. Inalowa m'mudzi nitenga ana, ndipo opulumuka anatsala ndi zipsera pankhope, ena osapenya. M'caka ca 1796 sing'anga wa ku England, dzina lace Edward Jenner, anamva kuti akazi okama mkaka amene anagwidwapo ndi kanthomba kofatsa ka ng'ombe sagwidwa ndi nthomba yakupha. Anatengako ku cironda ca kanthombako, natemera mnyamata wa zaka 8, James Phipps, msinkhu wa ana athu a m'sukulu. Ndipo pambuyo pace nthomba yeniyeni sinamgwira mnyamatayo. Ndico ciyambi ca katemera. Nchitoyo inayenda dziko ndi dziko, mudzi ndi mudzi, kufikira kuti munthu wotsiriza kutenga nthomba m'mudzi mwace anapezeka ku Somalia m'caka ca 1977. Ndipo m'caka ca 1980 kunalalikidwa kuti nthomba yatha pa dziko lonse lapansi. Funsani mwana wa lero kuti nthomba nciani, sadziwa. Kusadziwa kwaceko ndiko cifundo ca Mulungu, cimene anacipereka mwa manja a anthu otemera ndi mwa amai amene anabvomera kupereka mikono ya ana ao.

Kodi katemera acita ciani m'thupi? Nthenda izi zidza ndi tizirombo tating'ono tosaoneka ndi maso. Mlengi anaika m'mwazi mwathu alonda akulimbana nato. Koma mlonda amene sanaonepo mdani acedwa kumzindikira, ndipo pofika pakumzindikira mdani wayatsa kale nyumba. Katemera ndiye kacirombo kofoketsedwa, kapena kakufa, kapena kacidutswa kace kokha, kamene aonetsa alondawo kuti adziwe nkhope yace, nasule zida nthawi ikalipo. Cifukwa cace mwana wotemeredwa nthawi zina atentha thupi pang'ono, kapena mkono umuwawa tsiku limodzi kapena awiri. Musaope ici, ndiwo alonda alikuphunzira nchito yao. Koma kutentha kukakula kapena kukapitirira, mukamuonetse ku cipatala.

Tsono tifike pa mau amene atilemetsa mtima. Amai ambiri asunga bwino masiku a sikelo mwana akali kumsana, ndipo tiwayamika. Koma mwana akayamba kunyamula buku ndi kupita ku sukulu, tiyesa kuti za katemera zatha, kabuku kace ka cipatala nikatayika m'denga. Apa ndipo pali mpata wa linga lathu. Pakuti m'sukulu ana a midzi yambiri akhala m'cipinda cimodzi, mapewa kukhudzana, napuma mpweya umodzi, namwa pa citsime cimodzi. Cikuku cithamanga koposa moto wa m'thengo mwezi wa October: mwana mmodzi wodwala akhoza kupatsira anzace osatemeredwa oposa 10, ndipo tizirombo tace titsala m'mpweya wa cipindaco ngakhale iye ataturuka. Cisiya ana ena akhungu, ena ogontha, ena kumanda. M'caka ca 2010 cikuku cinagwira anthu oposa 130,000 m'Malawi, ndipo oposa 300 anamwalira. Ndipo ambiri mwa odwalawo sanali makanda, anali ana okulirapo amene anaphonya katemera, kapena anamlandira kamodzi kokha. Katemera wa cikuku afunika kawiri. Woyamba pa miyezi 9, waciwiri pa miyezi 15. Amene anaphonya, cinkana wakula, khomo silinatsekeke, mupite naye.

Kumbukiraninso poliyo, nthenda yopuwalitsa miyendo. Tinayesa kuti inacoka m'dziko muno, pakuti zinapita zaka 30 osaoneka. Koma m'mwezi wa February 2022 kunamveka kuti mwana wa ku Lilongwe wapuwala nayo, ndipo anzeru poyesa anapeza kuti mbeu ya kaciromboko inacokera kutari ku Pakistan. Akuru anati, Cakudza siciyimba ng'oma. Nthenda iyenda ndi apaulendo, ndipo ife a kuno tiri anthu a maulendo kuyambira kale. Ana athu ali ku Harare, ku Johannesburg, ku Dar es Salaam, ndipo abwera ndi kupita.

M'mwezi wa May 2023 Boma linatemera ana onse kuyambira miyezi 9 kufikira osakwana zaka 15 katemera wa tayifodi, nthenda ya m'matumbo yakudza ndi madzi ndi zakudya zodetsedwa. Katemera ameneyu anayesedwa m'dziko lathu lomwe, pa ana oposa 28,000 a ku Blantyre, ndipo kunaoneka kuti mwa ana 10 amene akadadwala, monga 8 anapulumuka. Koma tisanyengedwe: katemera sacotsa nchito ya kukumba cimbudzi, ndi kusamba m'manja, ndi kuphitsa madzi akumwa. Kolera imene inasautsa boma lathu la Nkhata Bay m'caka ca 2022 itiphunzitse kuti nyanja iyi, imene itipatsa usipa ndi batala, siyenera kudetsedwa ndi ife eni ace.

Ndipo za ana athu akazi tinene poyera. Khansa ya khomo la cibelekero ipha amai ambiri m'Malawi, ndipo dziko lathu liri mwa maiko osautsidwa nayo koposa. Ciyambi cace ndi kacirombo kochedwa HPV, kamene kalowa m'thupi nikakhala cete zaka zambiri. Katemera wace agwira bwino nchito akaperekedwa mtsikana akali wamng'ono, kacirombo kasanamfikire. Cifukwa cace m'mwezi wa January 2019 Boma linayamba kupereka katemerayu kwa atsikana a zaka 9, makamaka m'sukulu. Tamva manong'onong'o akuti atseka mimba. Mau awa ndi abodza. Katemerayu anayamba kuperekedwa m'maiko ena m'caka ca 2006, ndipo atsikana amene anamlandira masiku aja ali ndi ana ao lero. Ndani wa ife sanaperekeze maliro a mai wosiya ana ang'ono cifukwa ca nthenda iyi? Salumu anamanga linga pamodzi ndi ana ace akazi. Ife tisasiye athu kunja kwace.

Alipo abale ena onena kuti, Wokhulupirira safuna mankhwala, Mulungu yekha asunga. Tiwayankhe mwacikondi, pakuti cangu cao ca pa Mulungu sitikucikana. Indedi Mulungu yekha asunga. Koma iye amene apatsa zakudya satiletsa kulima, ndipo iye amene asunga asodzi pa nyanja satiuza kuti tilowe m'bwato lobooka mwera ulikuomba. Pamene woyesayo anaimika Ambuye wathu pamwamba pa kacisi, namuuza adziponye pansi popeza angelo adzamgwira, Ambuye anakana, pakuti kutero ndiko kuyesa Mulungu. Kukana cinjirizo limene Mulungu waliika pakhomo pathu, ndi kumuuza kuti acite cozizwa m'malo mwace, kufanana ndi kudziponya kuja. Ndipo coopsa ncakuti amene timponya si ife eni, koma mwana wosakhoza kudzisankhira. Luka, wolemba Uthenga Wabwino, anali sing'anga, ndipo Paulo sanamcotse pa ulendo cifukwa ca nchito yaceyo. Amene anayamba kulalikira pano pa Bandawe anagwira Buku m'dzanja limodzi ndi mankhwala m'dzanja lina, ndipo makolo athu analandira zonse ziwiri.

Wina adzati, Mwana ndi wanga, ndikakana ndalakwira yani? Mbale, walakwira mnansi wako. M'mudzi uli wonse alimo amene sangathe kutemeredwa: khanda losafika msinkhu, ndi mwana wofoka ndi nthenda yina yaikuru. Awa alibe linga lao. Abisala kumbuyo kwa ana athu. Anzeru apeza kuti cikuku cisowa polowera ngati ana 95 mwa 100 atemeredwa. Akacepa pamenepo, mpata watseguka. Mwana wa sukulu wosatemeredwa atenga nthenda m'kalasi, nabwera nayo kunyumba, naipatsa mng'ono wace wa kumsana, kapena khanda la mnansi. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, anatero akale. Ndipo lamulo la kukonda mnansi litero lomwe.

Cotero yense amange pakhomo pace. Atate ndi amai, funani kabuku ka mwana ali yense, mupite nako ku cipatala ca ku Chintheche, kapena kwa mlangizi wa za umoyo wa m'dera lanu, kuti aone cimene casowa. Katemera wa Boma salipira. Atate makamaka, musasiyire amai okha nchito iyi, ndipo musaletse pamene iwo abvomera. Tsiku la katemera likalalikidwa ku sukulu, musatume mwana kumunda kapena kukakoka khoka. Aphunzitsi, muwerenge ana anu tsikulo monga mbusa awerenga nkhosa madzulo, ndipo wosowayo mumlondole kwao. Akuru a mpingo ndi amai a Umanyano, poyendera nyumba mufunse za ici monga mufunsa za mapemphero a pabanja, ndipo wamantha mumperekeze, osamnyoza. Mafumu, mutsogole ndi ana a m'nyumba zanu.

Tikatero tidzakhala monga anthu a Nehemiya, opemphera ndi odikira pamodzi. Ndipo Mulungu, amene anapatsa anthu nzeru ya kupeza mankhwala awa, atipatse ifenso mtima wa kuwalandira ndi ciyamiko, nasunge ana a m'sukulu zathu zonse, kuti akule, namtumikire. Amen.