Filimu Yoopsa Kupambana Zonse Ili mu Foni Yanu

 Mau a sabata ino achokera pa 2 Akorinto 7:8-11. Tsegulani kaye Baibulo muwerenge, kenaka mubwere tikambirane.

A Bishop andipempha kuti ndilembe za mafilimu oopsa, chifukwa nkhaniyi yachuluka pa mapemphero a pakati pa sabata. Mayi abwera ndi mwana amene akukana kugona yekha, wayambanso kukodza pogona pomwe anasiya kalekale. Mnyamata wamkulu ndithu, wandevu, akuti malaiti akapita amaona nkhope pa khoma. Ukafunsa bwino-bwino upeza kuti m'nyumba simunalowe chinthu ayi. Chinalowera pa foni, ndipo bundle anagula yekha ndi ndalama zake.

Mukafunsa anthu kuti filimu imene inawasokoneza kwambiri ndi iti, ambiri a kunja amatchula The Exorcist ya mu 1973, nkhani ya kamtsikana ka zaka 12 kogwidwa ndi chiwanda. Itatuluka ku America, manyuzipepala analemba za anthu amene anakomoka ndi kusanza m'nyumba zoonetsera mafilimu. Ife kuno tinakulira za ku Nigeria. Akuluakulu mukumbukira Living in Bondage ya mu 1992, mmene Andy anaperekera mkazi wake Merit nsembe kuti alemere, ndipo mzimu wa mkaziyo unamulondola mpaka anachita misala. Achinyamata a lero ali ndi zawo zodula-dula anthu, zimene sinditchula maina, mungapite kukazifuna.

Manje funso limene mumandifunsa kawirikawiri ndi lakuti, kodi kuonera ndi tchimo? Mufuna ndikupatseni mndandanda, izi onerani, izi ayi. Sinditero, chifukwa m'Baibulo momwemo muli nkhani zoti ukawerenga nsima siilowa. Pa Oweruza 19 mkazi anagwiriridwa usiku wonse ku Gibeya, mwamuna wake n'kudula mtembo zidutswa 12 ndi kuzitumiza m'dziko lonse la Israele. Pa 2 Mafumu 6, Samariya atazingidwa ndi adani, njala inafika poti azimayi awiri anapangana kudya ana awo. Mulungu sanatibisire zimenezi. Choncho kusokonezeka mtima pakokha si tchimo, ndipo nthawi zina kumangoonetsa kuti mtimawo ukali wamoyo.

Apa ndi pamene Paulo atithandiza. Analembera Akorinto kalata yowawa, iwo anamva chisoni, koma iye sanabweze mau ake. Anawauza kuti zisoni zilipo ziwiri. China chimachokera kwa Mulungu ndipo chimatsogolera munthu kukulapa, china ndi cha dziko ndipo mapeto ake ndi imfa. Zonse ziwiri zimawawa, zonse zimasowetsa tulo. Zimasiyana pa zimene zimabala. Ndiye mukamaliza kuonera chinthu, musawerenge kuti magazi anali ochuluka bwanji. Dzifunseni kuti chasiya chiyani mwa ine. Kodi ndatuluka ndili wachifundo, wodana ndi zoipa, wofuna kupemphera? Kapena ndatuluka ndikuopa mdima ndi kukayikira agogo a pa nyumba yachitatu?

Tengani The Passion of the Christ, imene Mel Gibson anatulutsa mu 2004. Ndi filimu yamagazi kwambiri, moti ku America anaiika m'gulu la mafilimu amene mwana wosakwana zaka 17 saonera popanda munthu wamkulu. Anthu ambiri analira, ena anabwerera kwa Ambuye, ndipo ine sindikana zimenezo. Koma werengani Marko 15:15. Kukwapulidwa kwa Yesu kwangotchulidwa m'mau ochepa chabe, pomwe filimu ija imakhala pamenepo mphindi zambirimbiri. Alembi a Uthenga Wabwino ankaudziwa mkwapulo wa Aroma kuposa ife tonse, koma sanachedwe pa mabala, anafulumira kutiuza chifukwa chake anafera. Ndiye makolo amene pa Lachisanu Loyera mumakhazika mwana wa zaka 6 patsogolo pa TV, ati ni filimu ya Yesu, ganizaninso. Mwana wa msinkhu umenewo saona chipulumutso. Aona munthu akung'ambidwa mnofu, ndipo usiku akatseka maso aonanso zomwezo.

Kukhala ndi pasitala m'kati sikuyeretsa filimu. Mu 1999 ku Nigeria kunatuluka End of the Wicked, yopangidwa ndi gulu la mlaliki Helen Ukpabio. Inaonetsa ana akutengedwa usiku kupita ku msonkhano wa mfiti. Mabungwe oteteza ana anaidzudzula kwambiri, ponena kuti inathandiza kufalitsa khalidwe lonena ana kuti ndi mfiti m'madera ngati Akwa Ibom, kumene ana ena anamenyedwa ndi kuthamangitsidwa pa makomo a makolo awo. Abale, ife mu mpingo uno timakhulupirira kuti ziwanda ziliko, ndipo timapempherera anthu kuti amasulidwe. Koma ngati zonse zimene mudziwa za ziwanda munaphunzira ku Nollywood, mwaphunzira molakwa. Filimu imatha maola awiri ikukweza mphamvu ya satana, pasitala n'kubwera mphindi zisanu zomaliza. M'Baibulo si choncho. Pa Luka 9, Yesu atakumana ndi mnyamata wovutitsidwa ndi mzimu woipa, anadzudzula mzimuwo, anachiritsa mwanayo, namubwezera kwa atate wake. Mwana anabwerera kunyumba, sanathamangitsidwe. Mwana wathu wa ku Zambia kuno, Rungano Nyoni, anajambula I Am Not a Witch mu 2017, nkhani ya kamtsikana Shula konenedwa ufiti popanda umboni, ndipo mu 2018 inapata mphotho ya BAFTA. Imeneyo imasokoneza mtima m'njira yoyenera. Kumbukiraninso kuti pansi pa Witchcraft Act, kuloza munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu.

Koma zonsezi ndi zamasewero, magazi ake ndi utoto. Filimu imene imandidetsa nkhawa kwambiri ilibe ochita sewero, ndipo imatenga masekondi 40 chabe. Basi yagubuduka pa Great East Road, anthu akali kubuula m'kati, ndipo woyamba kufika watulutsa foni m'malo motambasula dzanja. Pasanathe ola, vidiyo yafika m'magulu athu a WhatsApp, ngakhale m'gulu la amayi ndi la kwaya, pansi pake talemba kuti tiyeni tipemphere. Tiyeni tinene zoona, ndi angati amene amapempheradi? Ambiri timaonera kawiri, timakuza chithunzi kuti tione bwino nkhope, n'kutumiza kwa ena.

Mu Hotel Rwanda, filimu ya mu 2004 yonena za kuphedwa kwa anthu pafupifupi 800,000 m'masiku ngati 100 mu 1994, muli mtolankhani amene wajambula anthu akuphedwa mu msewu. Mwini nkhani akumuthokoza, poganiza kuti dziko likaona lidzathamanga kudzathandiza. Mtolankhaniyo akumuyankha kuti anthu adzanena kuti n'zoopsa, kenaka adzapitiriza kudya chakudya chawo chamadzulo. Ife tinadzionera tokha mu 2020, nthawi ya gassing, pamene anthu ongoganiziridwa anamenyedwa ndi kutenthedwa ndi gulu m'makomboni athu. Mavidiyo ake anazungulira mafoni, ndipo ena tinaonera mbale ya nsima ili m'manja. Munthu amene filimu yamusowetsa tulo sindimudera nkhawa kwambiri, chifukwa mtima wake ukumvabe. Amene ndimadera nkhawa ndi uja angaonere mnzake akupsa, n'kusuntha chala kupita pa vidiyo yoseketsa. Paulo pa Aefeso 4:19 anakamba za anthu amene mitima yawo inaleka kumva kuwawa, ndipo sanakambe ngati chinthu chonyadira.

Ganizaninso za mwini maliro. Mtembo uja uli ndi mayi wake. Kwathu uthenga wa imfa sunenedwa mwachisawawa. Amatuma akuluakulu, amafika, amakhala pansi, amayamba ndi malonje, kenaka ndi pamene amanena. Lero mayi akutsegula foni kuti aone za chilimba, n'kupeza mwana wake ali gone pa tara, wamuzindikira ndi malaya amene anamuchapira dzulo. Ndipo amene watumiza ndi mlongo wa mu mpingo.

Pa Genesis 9, Nowa ataledzera anagona maliseche m'hema wake. Hamu anaona, natuluka kukauza abale ake. Sanamuvule ndi iye, anangofalitsa chabe. Semu ndi Yafeti anatenga chofunda, anayenda chafutambuyo nkhope zili kumbali, nafunditsa atate wawo. Werengani nokha kuti dalitso linagwera ndani. Pa 2 Samueli 21 pali Rizipa, mayi amene ana ake anaphedwa ndi kusiyidwa poyera pa phiri. Anayala chiguduli pa thanthwe, nakhala pamenepo usana ndi usiku kuingitsa mbalame ndi zilombo kuti zisakhudze mitembo, mpaka mfumu Davide inamva ndi kulamula kuti mafupa aikidwe m'manda. Vidiyo ya ngozi ikafika pa foni yanu, muli ndi mwai wochita ngati Semu ndi Rizipa. Ithere pa inu. Ifafanizeni, ndipo uzani wotumizayo mwaulemu kuti kuno ayi.

A Bishop agwirizana ndi akulu a mpingo kuti kuyambira sabata ino, m'magulu onse a mpingo simudzatumizidwanso zithunzi kapena mavidiyo a mitembo, a ngozi, kapena a munthu akumenyedwa. Pempho la pemphero lembani m'mau, Mulungu safuna chithunzi kuti amve. Ma admin achotsa chilichonse chotere, ndipo musakhumudwe chikachotsedwa chanu, ngakhale muli dikoni.

Kwa inu amene mwaona kale ndipo chithunzi chikukana kuchoka m'mutu, musadziweruze kuti ndinu wopanda chikhulupiriro. Pa 2 Timoteyo 1:7 tiuzidwa kuti mantha si mphatso yochokera kwa Mulungu, ndipo zimene anatipatsa ndi mphamvu, chikondi ndi kudziletsa. Kudziletsako kuyambire pa foni. Lowani mu WhatsApp, pa Settings, pa Storage and data, muzimitse zoti mavidiyo azilowa okha, chifukwa foni yanu ndi yomweyo imene mumapatsa mwana kuti aseweretse mukamaphika. Mwana akaona choopsa musamukalipire, akatero adzabisa. Mukhazikeni pa miyendo, afotokoze zimene anaona mpaka amalize. Ngati inali filimu, muuzeni kuti magazi aja ndi utoto, ndipo amene anafa uja anadzuka, anasamba, napita kwawo kukadya. Kenaka muwerengereni Salimo 4, mupemphere naye, ndipo musamuseke akapempha kugona pafupi nanu masiku angapo. Mantha akapitirira masabata, mwana osadya, osafuna sukulu, pitani nayenso ku kiliniki. Pemphero ndi dokotala sizilimbana.

Lachitatu madzulo tidzakhala ndi nthawi yapadera yopempherera ana ndi akulu amene akusowa tulo. Bwerani nawo, ndipo ngati mudziwa banja limene linaona maliro a m'bale wawo pa foni asanauzidwe, ndiuzeni pambali kuti a Bishop akawayendere.