Kodi Kasiyamaliro Angasungidwe?

M'chaka cha 2005 bungwe la UNESCO lidaika Gule Wamkulu m'gulu la chuma cha chikhalidwe cha anthu a pa dziko lonse, pamodzi ndi Vimbuza wa abale athu Atumbuka. Ambirife tidaomba m'manja. Komabe pali funso lomwe limandisowetsa mtendere: tikamati tisunge gule, kwenikweni tikusunga chiyani?

Taganizirani za Kasiyamaliro, ndipo ometa andikhululukire poti ndikunena izi poyera. Chilombochi chimalukidwa kudambwe kwa masiku angapo ndi makoko a chimanga, chimabwera kudzaperekeza mzimu wa malemu, ndipo mwambo ukatha, makolo ankachitentha. Sadachite izi chifukwa chosadziwa kusamala zinthu ayi. Kutenthako kudali mbali ya mwambowo, pakuti chilombo chomwe chanyamula mzimu sichiyenera kutsala pakati pa amoyo. Tsono wina akachipulumutsa ku moto nachiimika m'nyumba kuti alendo azichijambula, kodi wasunga mwambo kapena waudula pakati?

Sindikunyoza ntchito ya ku Mua, m'boma la Dedza, komwe Bambo Claude Boucher adayambitsa malo a Kungoni mu 1976. Zambiri mwa nyau zomwe zili m'nyumba ya Chamare zikadaiwalika, ndipo mwana wobadwira ku Ndirande akhoza kuphunzirako zomwe agogo ake sadamuuze. Koma nkhope yopachikidwa pakhoma siopsa mwana, siseketsa amayi oimba, sidzudzula mfumu yaumbombo. Yatsala ngati ng'oma yopanda chikopa.

Chimene ine ndimaona n'chakuti gule sadakhalepo chinthu choima malo amodzi. Amishoni atafika, kudambwe kudatuluka Maliya ndi Simoni wa nkhope yofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa. Achewa ankayankha zachilendo pozivina. Amene akufuna gule "weniweni" wosasintha akufuna chinthu chomwe makolo enieniwo sadakhale nacho.

Choopsa chili kwina. Anyamata omwe akadaphunzira kuluka ndi kuimba mbalule ali ku Joni. Nkhalango za kumanda zikutha ndi nkhwangwa. Gule yemwe ankatuluka pa maliro, pa chinamwali ndi polonga mfumu, lero amaitanidwa ndi ndalama kuti akasangalatse andale ndi alendo a pahotela. Ovinawo sindingawaweruze, poti feteleza sagulidwa ndi ulemu wa mizimu. Koma gule akazolowera kuvinira wolipira, angamudzudzulenso bwanji?

Palinso zina zomwe sindingalire zitatha, monga kuthamangitsa anthu odutsa m'njira ndi kutengera ana kudambwe nthawi ya sukulu. Mafumu ambiri adayamba kale kuletsa zimenezi, ndipo ndiwo oyenera kutero, pamodzi ndi akulu a kudambwe ndi anamkungwi, chifukwa iwo ndi amene adzaime pabwalo maliro otsatira akadzagwa m'mudzimo.