Namwino Amene Wodwala Samuona

Kodi cifundo cifuna mboni? M'nyumba ya odwala namwino adziwika ndi dzina: amwetsa mankhwala, natembenuza wofooka kuti msana ungacite zilonda, ndipo abale amyamika. Koma m'cipinda ca opareshoni muli mnzace amene wodwala samdziwa konse, pakuti agona tulo ta mankhwala. Ciyambire 1867, pamene Joseph Lister anaonetsa kuti tizirombo tosaoneka tioletsa bala, nchito ya m'menemo iri ya kusamala zobisika. Namwinoyo awerenga mipeni, singano ndi tinsaru topukutira mwazi dotolo asanatumbule, nawerenganso asanasoke. Ena ati mtima wace ngwouma. Ife tikana, abale. Kansaru kamodzi kakasowa, ndiye ayenera kuletsa mkuru wace, nati, “Musasoke,” angakhale onse alema.