Mau a Nkhungu ndi Mau a Mphambano

Mnyamata wotsiriza sukulu, polowa nchito ya ukalaliki ku Ndola kapena ku Kitwe, amayesa kuti Cingerezi cobvuta ndico ca mau atali. Koma ine ndaona kuti mau oopsa ndiwo amene munthu aliyense amayesa kuti wawamva.

Angerezi ali ndi maina atatu a mau otere. "Vague" ndiwo mau a nkhungu, opanda malire, monga kalaliki akati, "Nkhani yanu tidzaiona." "Ambiguous" ndiwo mau a mphambano, oloza njira ziwiri, monga ife tikalemba kuti "mtengo wagwa": kodi wa kuthengo kapena wa kumsika? "Equivocal" kawirikawiri ndiwo mau a mphambano amene munthu wawasankha dala kuti abisalemo. Mitundu iwiri yoyambayo ingakhale ngozi cabe, koma wacitatuwo ndi mlandu wa mumtima.

Makolo athu anaziona izi. Bungwe la Azungu a m'migodi, loyambidwa mu 1936, linaumirira kuti nchito yofanana ikhale ya malipiro ofanana. Ndani angakane mau okoma cotere? Koma eni migodi sanafune kulipira munthu wakuda ndalama za Mzungu. Cotero mau omveka ngati cilungamo anasanduka mpanda, ndipo ku Nkana ndi kwina nchito zapamwamba zinakhalabe za Azungu kufikira pangano la 1955 linatsegulako zina. Momwemonso Citaganya ca 1953 cinadza ndi liu lakuti "partnership", kugwirizana kwa mitundu, osanena gawo la yense. Liulo linalibe malire, ndipo wamphamvu ndiye anawaika, kufikira Citaganya cinatha mu 1963.

Kodi tsono mau onse osalunjika ndi oipa? Iai. Mthenga wa maliro amayamba ndi kuti "matenda akula", ndipo cimeneco ndi cifundo, pakuti womva adziwa kumene mauwo akupita. Muyeso wace ndi uwu: kodi nkhunguyo iteteza womva kapena wonena?

Ine ndemwe ndinayankhapo "under consideration" kwa mai wamasiye wofuna ndalama za mwamuna wace, ndirikudziwa kuti pepala lina linasowa mu ofesi mwathu. Maiyo anayenda maulendo atatu ndi ndalama za basi zokongola. Sindinaname, komabe ndinamlakwira.

Inu amene mulowa nchito, polemba nenani cinthu cimodzi comveka. Ndipo musasaine pepala musanafunse kuti, "Liti? Zingati? Ndani?" Akulu anati, safunsa anadya phula.