Mbiri kapena mkono: mfundo zofunika kuchokera m'mabwalo a baseball

Mu baseball, masewero okondedwa kwambiri ku America, Japan, Cuba ndi Venezuela, munthu mmodzi amaponya mpira ndipo wa timu inayo amayesa kuumenya ndi chibonga. Akaumenya bwino n'kuthamanga kukafika pa malo oyamba asanatulutsidwe, amati wapeza hit. Masewero amakhala ndi zigawo 9, ndipo m'chigawo chilichonse pamafunika kutulutsa omenya atatu, onse pamodzi 27. Woponya akamaliza zigawo zonsezo wopanda aliyense wopeza hit, imeneyo ndiyo no-hitter. Pakapanda ndi mmodzi yemwe wofika pa malo oyamba mwa njira ina iliyonse, amati perfect game, ndipo m'ligi yaikulu ya ku America zimenezi zinali zitachitika ka 24 kokha pofika chaka cha 2023.

Usiku wotere ukayamba kununkhira, anzake a woponyayo amamutalikira pa benchi. Palibe womuyankhulitsa, ndipo kutchula chimene chikuchitikacho amati n'kuitana tsoka. Aliyense amaloledwa kungokhala duu n'kumadikira, kupatula mphunzitsi wamkulu wa timu. Iyeyo ndiye akuwerenga mipira imene mnyamata wake waponya. Masiku ano woponya akayandikira mipira 100 amapumitsidwa, chifukwa kuponya mpira pa liwiro la makilomita 150 pa ola kumadya phewa ndi chigongono, koma no-hitter kawirikawiri imafuna yoposa pamenepo. Mfundo zotsatirazi zachokera pa mphambano imeneyi.

1. Wosenza udindo amasankha kusanache, oweruza amafika dzuwa litatuluka.

Pa 1 Juni 2012, m'bwalo la Citi Field ku New York, Johan Santana wa ku Venezuela ankaponyera timu ya Mets polimbana ndi St. Louis Cardinals. Mets inayamba mu 1962, ndipo inali itasewera masewero 8,019 popanda no-hitter ngakhale imodzi. Ena mwa ochemerera ake anamera imvi akudikira. Santana anali katswiri weniweni, wolandira kawiri mphoto ya Cy Young imene imapita kwa woponya woposa onse m'ligi, koma chaka chonse cha 2011 sanasewere chifukwa cha opaleshoni ya phewa. Mphunzitsi wake, Terry Collins, ankafuna kuti asapyole mipira 115.

Chigawo cha 8 chikutha, malire aja anali atapyoledwa kale. Kumutulutsa kukanakhala kulanda ochemerera chinthu chimene anachidikira zaka 50. Kumusiya kunali kuika pachiswe phewa limene madokotala anali atalisoka kumene. Collins anamusiya. Santana anamaliza ndi mipira 134, yochuluka kuposa tsiku lina lililonse pa ntchito yake, ndipo bwalo lonse linapenga ndi chimwemwe. Koma Collins atakhala pamaso pa atolankhani mawu ankamukanika, misozi ili lengelenge. Patapita zaka anaulula kuti umenewo unali usiku wowawitsa pa moyo wake wonse wa baseball.

Santana anasewera komaliza m'ligi yaikulu mu Ogasiti chaka chomwecho, ndipo mu 2013 phewa lija linang'ambikanso. Ambiri amangoti mipira 134 ija ndiyo inamumaliza. Amaiwala kuti kumapeto kwa Juni womwewo anaponya zigawo 8 osagoletsedwa, ndipo mu Julayi anavulala kakolo. Mwiniwake sanamuimbepo mlandu Collins. Ine ndimaona kuti amene amamunyoza mphunzitsiyu akugwiritsa ntchito nzeru imene iye analibe usiku uja, ya kudziwa za mawa. Tisanaweruze bambo, mayi, mfumu kapena mkulu wa pa ntchito, tiyambe tafunsa chimene ankadziwa pa ola limene anasankha.

2. Dzina limalembedwa limodzi, koma ovulala amakhala ambiri.

Usiku womwewo, m'chigawo cha 7, Yadier Molina wa Cardinals anamenya mpira umene unkaoneka kuti wathetsa zonse. Mike Baxter wa Mets, mnyamata wokulira ku New York komweko akuchemerera timuyo, anauthamangira, n'kuuwakha, n'kukadzimenyetsa ku khoma la bwalo. Anavulala phewa ndi nthiti, ndipo anakhala pafupifupi miyezi iwiri osasewera. M'mabuku no-hitter ija ndi ya Santana. Mukamayamikiridwa pa chimene mwapambana, muzitchula amene anadzimenyetsa ku khoma.

3. Kukonda munthu nthawi zina n'kumumana chimene akuchifuna ndi mtima wonse.

Dave Roberts anali asanathe sabata akutsogolera Los Angeles Dodgers m'ligi pamene mayeso ake anafika, pa 8 Epulo 2016 ku San Francisco. Woponya wake, Ross Stripling, ankasewera koyamba m'ligi yaikulu, ndipo mu 2014 anali atachitidwa opaleshoni yosintha mtsempha wa m'chigongono. Anafika m'chigawo cha 8 wopanda hit, Dodgers ikutsogola 2-0. Munthu womaliza kupanga no-hitter pa tsiku lake loyamba anali Bumpus Jones, mu 1892. Mpira wa 100 utangoponyedwa, Roberts anayenda kukafika pakati pa bwalo n'kumulanda mpira. Wolowa m'malo mwake anamenyeredwa mpira wodumpha mpanda nthawi yomweyo, ndipo Dodgers inagonja 3-2.

Anthu anamuthira mawu Roberts. Koma mawa lake bambo ake a Stripling anamupeza, n'kumuthokoza misozi ili m'maso chifukwa chosamalira mwana wawo. Stripling anasewera zaka zambiri pambuyo pake, mpaka kusankhidwa m'gulu la akatswiri a ligi mu 2018. Roberts anachita ngati mlimi womasula ng'ombe pa goli mzere usanathe, podziwa kuti munda ukadalipo mawa.

Sanalekere pomwepo. Mu Sepitembala 2016 anatulutsa Rich Hill atamaliza zigawo 7 za perfect game, poopa matuza a pa chala chake. Pa 13 Epulo 2022 anatulutsa Clayton Kershaw ku Minneapolis, nayenso atamaliza zigawo 7 zopanda banga, ndi mipira 80 yokha. Iyi imandiwawa mpaka lero, chifukwa Kershaw anali ndi zaka 34 ndipo mwayi wotere subwera kawiri. Komabe chaka chimenecho nthawi yokonzekera inafupika chifukwa cha mkangano wa eni matimu ndi osewera, ndipo mkono wake unali utamuvutitsa chaka chapitacho. Kershaw mwiniwake anauza atolankhani kuti chiganizocho chinali cholondola. Pamenepa pali phunziro lina: womana mnzake chinthu chachikulu ayenera kukhala munthu amene mnzakeyo amamukhulupirira kale. Popanda chikhulupiriro chimenecho, chitetezo chimamveka ngati nkhanza.

4. Lamulo labwino limapweteka likagwiritsidwa ntchito osayang'ana tsiku.

Si aliyense wotulutsa woponya amene ndingamuikire kumbuyo. Pa 21 Julayi 1970, Clay Kirby wa San Diego Padres, wa zaka 22, anamaliza zigawo 8 wopanda hit, koma timu yake inkagonja 1-0 kwa Mets, chifukwa mu baseball pointi imatha kulowa ngakhale popanda hit. Nthawi imeneyo woponya m'ligi yawo ankamenyanso mpira, ndipo oponya ambiri sadziwa kumenya. Mphunzitsi Preston Gomez anatumiza Cito Gaston kukamenya m'malo mwa Kirby, zimene zinatanthauza kuti Kirby watuluka m'masewero. Gaston analephera, wolowa kudzaponya anamenyeredwa, ndipo Padres inagonja 3-0.

Gomez ankatsatira mfundo yolemekezeka, yakuti timu imasewera kuti ipambane, osati kuti munthu mmodzi atchuke. Koma mkono wa Kirby sunali pangozi, ndipo Padres inali pansi penipeni pa gulu lake, yopanda chiyembekezo cha chikho. Kupambana tsiku limenelo sikukanasintha kanthu, pamene no-hitter ikanapatsa timu yatsopano, ya chaka chachiwiri chokha, chinthu chonyadira. Gomez anachitanso zomwezo mu 1974 ali ku Houston, potulutsa Don Wilson. Padres inadikira mpaka pa 9 Epulo 2021, pamene Joe Musgrove, wokulira m'dera la San Diego, anaipatsa no-hitter yoyamba. Kusasunthika pa mfundo n'kwabwino, koma kumafuna maso oona ngati chimene mfundoyo imateteza chilipodi lero.

5. Chigoli si woweruza wolungama.

Ku Japan kuli nkhani ziwiri zofanana koma zosiyana mathero. Pa 1 Novembala 2007, m'ndime yomaliza ya chikho cha dzikolo, Daisuke Yamai wa Chunichi Dragons anamaliza zigawo 8 za perfect game, timu yake ikutsogola 1-0. Mphunzitsi Hiromitsu Ochiai anamutulutsa n'kulowetsa Hitoki Iwase, amene anatulutsa atatu otsalawo. Dragons inatenga chikho koyamba chichokere 1954. Zinadziwika pambuyo pake kuti thuza la pa chala cha Yamai linali litaphulika.

Mu Epulo 2022, Roki Sasaki wa Chiba Lotte Marines, wa zaka 20, anapanga perfect game. Patapita sabata imodzi anamalizanso zigawo 8 zopanda banga, chinthu chosamvekapo. Mphunzitsi Tadahito Iguchi anamutulutsa pa mipira 102, ndipo Lotte inagonja 1-0. Ochiai anali ndi chikho choyankhira omutsutsa, Iguchi analibe. Koma maganizo a Iguchi, oteteza thupi la mnyamata amene anali asanakhwime, sanasanduke oipa chifukwa chakuti mnzake wina anagoletsedwa. Tikamayesa chiganizo ndi zotsatira zokha, timaphunzitsa atsogoleri kusankha chimene chidzawateteze iwowo m'malo mwa chimene chili choyenera.

6. Wolakwa akavomera, mtsogoleri amutsegulire njira yobwerera.

Pa 2 Juni 2010 ku Detroit, Armando Galarraga anali atatulutsa anthu 26 motsatizana. Wa 27, Jason Donald wa Cleveland, anamenya mpira wapansi, mnzake wa Galarraga, Miguel Cabrera, n'kuutola n'kuponyera Galarraga pa malo oyamba. Mpira unafika Donald asanaponde. Woyimbira Jim Joyce anatambasula manja kusonyeza kuti Donald wafika bwino. Galarraga anangomwetulira, n'kubwerera kukatulutsa wotsatira.

Joyce ataonera kanema anavomera poyera kuti walanda mnyamatayo perfect game, ndipo anapempha kuonana naye kuti apepese. Mbali imene ambiri saitchula ndi ya mphunzitsi wa Detroit, Jim Leyland. Usikuwo anamukalipira Joyce maso ndi maso m'bwalo. Koma mawa lake, podziwa kuti ochemerera abwera ndi mkwiyo, anatuma Galarraga yemweyo kukapereka pepala la maina a osewera kwa Joyce. Woyimbirayo analilandira akupukuta misozi, ndipo ambiri m'bwalo anawomba m'manja. Akuluakulu a ligi sanasinthe zolembedwa, ndipo kugwiritsa ntchito kanema pokonza zolakwa zotere kunayamba mu 2014. Leyland sakanatha kubweza mbiri ya mnyamata wake, koma anatha kuletsa kuti munthu wachiwiri asaonongeke.

7. Dzina loipa limene anthu akupatsa lisakuletse kuphunzira.

Mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo Dusty Baker anazilandira zambiri. Mu 2003, akutsogolera Chicago Cubs, anadalira kwambiri oponya awiri achinyamata, Mark Prior ndi Kerry Wood. Kumapeto kwa chaka chimenecho Prior ankapyola mipira 120 mobwerezabwereza. Onse awiri anavutika ndi kuvulala m'zaka zotsatira, ndipo Prior anasewera komaliza m'ligi yaikulu mu 2006 ali ndi zaka 25. Kuyambira pamenepo Baker anatchuka ngati wowononga mikono ya ana. Ankatchukanso ngati wolephera kutenga chikho. Mu 2017 Washington Nationals inapambana masewero 97 mwa 162 pansi pa iye, koma itatuluka msanga m'ndime zachipulula, eni timu sanamuwonjezere kontirakiti. Ntchito ya mphunzitsi ndi yotero: miyezi isanu ndi umodzi ya khama imatha kufufutidwa ndi sabata imodzi.

Munthu wonenedwa choncho amatha kuuma mutu, n'kumalimbikira njira yakale pofuna kusonyeza kuti sanalakwe. Pa 2 Novembala 2022, Baker, wa zaka 73, anali ku Philadelphia ndi Houston Astros m'masewero achinayi a World Series, ndime yomaliza ya chikho cha ligi yaikulu. Timu yake inali kumbuyo 2-1 pa mpikisanowo. Cristian Javier anamaliza zigawo 6 wopanda hit, ndi mipira 97. M'mbiri yonse ya World Series munthu mmodzi yekha, Don Larsen mu 1956, ndi amene anachitapo zotere payekha mpaka pamapeto. Baker anamupumitsa Javier. Bryan Abreu, Rafael Montero ndi Ryan Pressly anatenga chigawo chimodzi aliyense, ndipo anthu anayiwa anamaliza no-hitter pamodzi, 5-0. Patapita masiku atatu Baker ananyamula chikho chake choyamba ngati mphunzitsi.

Prior nayenso sanataye zimene thupi lake linamuphunzitsa. Anabwerera m'masewero ngati mlangizi, ndipo kuyambira 2020 wakhala mphunzitsi wa oponya ku Dodgers. Tsiku lija ku Minneapolis, pamene Kershaw ankapumitsidwa pa mipira 80, Prior ndiye anali pa benchi pambali pa Roberts, akuyang'anira mikono ya anzake.